Kalilu ndi nsalu yofiira ya m'nzimbe

Kalilu anabadwira pa boma la Nkhotakota, kuseri kwa msikiti, m'banja la asodzi okhaokha. Koma iyeyo nyanja sinamukonde, ndipo naye sanaikakamize. Akangokwera bwato ankasanza mpaka abale ake kumubweza kumtunda akumuseka. Atakwanitsa zaka makumi awiri anakwera minibasi ya ku Dwangwa kukalembedwa ntchito yodula nzimbe, ndipo chikwanje anachigwira zaka khumi ndi zinayi.

Ntchito imeneyi imamusintha munthu. Zikhatho za Kalilu zinauma ngati chikopa cha ng'oma, ndipo mkazi wake Zainab ankadandaula kuti mwaye wa nzimbe zootcha sutha m'khosi mwa malaya ngakhale uchape kangati. Koma minda anaidziwa. Ankadziwa kanjira kalikonse, ngalande iliyonse, munda womwe umachita matope ndi womwe umabisa njoka. Msana utayamba kuvuta anasiya, nagula njinga yamoto, n'kukaima pa siteji ya akabaza. Anali woyendetsa wabwino, wosathamanga, wosamwa. Vuto lake linali limodzi, lija amakhala nalo anthu amene anagwira ntchito imodzi nthawi yaitali: sankauzidwa kanthu za nzimbe. Mukatchula nzimbe, iye anali kale pakati pa nkhani.

Nzimbe zisanadulidwe amayamba aziotcha kuti masamba apse. Tsiku lootcha, antchito amazika ndodo yokhala ndi nsalu yofiira pakamwa pa njira iliyonse yolowa m'mundamo, kuti munthu asalowe. M'masiku a Kalilu nsaluyo ankaizika m'mawa, koma moto ankayatsa cha m'ma folo koloko. Choncho odula nzimbe onse ankaidutsa nsaluyo m'mawa osaphethira n'komwe, ndipo chizolowezi chimenechi chinamukhala m'magazi.

Lachisanu lina m'mwezi wa Julaye anamuimbira foni kuchokera ku loji ina ya ku Ngala, kuti kuli mlendo akufuna kupita ku gombe la ku Liwaladzi. Atafika anapeza si mzungu ayi, koma bambo wachikulire wovala jekete ndi tayi, ali ndi ndodo m'manja ndi kachikwama kamodzi. Anali a Layson, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Dedza. Zaka zonse anaphunzitsa ana za nyanja pa bolodi, koma iwo eni ake anali asanapondemo phazi, ndiye ana awo anawatumiza kuti akaione. Mwendo wawo wamanzere sunkapindika pa bondo, ndipo kuti akhale pa njinga Kalilu anachita kuwunyamula n'kuwukhazika.

"Mwana wanga, undiyendetse bwino," anatero a Layson. "Ku Dedza akundidikira ndi zithunzi. Akufuna aone ngati ndaviikadi mapazi."

"Musadandaule, madala. Mufika, Inshallah."

Pa msewu wa M5 zinthu sizinayende bwino. Dzenje lililonse a Layson ankabuula, ndipo zimagalimoto zonyamula nzimbe zikamadutsa ankamukanikiza Kalilu m'nthiti ndi zala zonse. Kalilu naye ankayang'ana dzuwa. Pa liwiro limeneli swala ya Juma, pemphero la Lachisanu, ikanamupeza ali m'njira, ndipo iye sankakonda kulowa mu msikiti anzake atafola kale. Atangooloka mlatho n'kupitirira msika, anakhota kumanzere, kulowa njira yafumbi ya m'minda.

"Kuno n'kosalala, madala, komanso n'kwachidule. Ine ndakalambira muno."

Anayenda pang'ono n'kufika pa mphambano. Pakamwa pa kanjira komwe ankafuna kulowa panali ndodo, nsalu yofiira ikupepeluka. Kalilu anaiona bwinobwino. Anayang'ana nthawi pa foni: inali isanakwane leveni koloko. Anaizungulira ndodoyo n'kulowa. Chomwe sankadziwa n'chakuti chaka chimenecho mwera unkaomba mwamphamvu masana, ndiye ootcha anasintha, anayamba kuyatsa m'mawa. Ndani akanamuuza? Munthu wosauzidwa za nzimbe.

Kanjirako kanali kopapatiza, nzimbe zazitali kuposa denga la nyumba mbali zonse ziwiri. A Layson anayamba kusangalala, akufunsa kuti shuga wonseyu amadya ndani. Kalilu anali atatsegula pakamwa kuti ayankhe pomwe nchenzi ziwiri zinadutsa kutsogolo kwa tayala, zikuthamanga ngati zopenga. Kenaka ina. Kenaka mbewa, gulu. Anakweza maso: akabawi anali atadzaza kumwamba, akuzungulira malo amodzi. Mbalame zimenezi zimabwera zikaona utsi, kudzadikira tinyama tothawa moto.

Anaimitsa njinga n'kuzimitsa injini kuti amve. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso ngati la mvula yamatalala pa malata.

"Kodi kukubwera mvula?" anafunsa a Layson.

Kalilu analiza njinga n'kuithamangitsa momwe anali asanaithamangitsirepo, a Layson akukuwa kuti mwendo, mwendo. Timasamba takuda topsa tinayamba kuwagwera pamapewa. Atakhota pa kona anaona kutsogolo utsi uli tolo, wakuda bii, pansi pake pali pofiira. Apa m'pamene anamvetsa zonse. Ootchawo anali ataphatikiza minda iwiri. Akatero amayatsa kuzungulira mbali zonse, moto n'kumathamangira pakati, ndipo kanjira kapakati sikatetezanso kanthu: malawi a uku ndi a uko amakumana pamwamba pake. Iye anali atalowetsa bambo wa eni ake, wosatha kuthamanga, pakati penipeni.

Anakuwa. Analiza hutala. Koma ndani angamve hutala moto wa nzimbe ukulira? Nzimbe zinkaphulika ngati mfuti, phokoso likuyandikira mbali zonse, ndipo mphepo yotentha inayamba kukoka malaya.

"Tibwerere!" anatero a Layson.

"Kumbuyonso kwayaka, madala."

"Nanga titani, mwana wanga?"

Mawu amenewo anatuluka ang'onoang'ono, ngati a mwana, ndipo anamulasa Kalilu kuposa kutukwana. Mantha anali atamugwira. Maganizo oipa anamufikira, ndipo tisabise, anawamvetsera kamphindi: yekha, wopanda katundu kumbuyo, akanatha kugonera pa thanki n'kuboola utsiwo pa liwiro, mwina n'kutulukira kunja atangowauka tsitsi. Ndi munthu wa mwendo wouma kumbuyo, akanagwa onse. Anamva zala za a Layson zikumukanikiza m'nthiti mwake, ndipo anachita manyazi.

Kenaka anakumbukira kalavati. Penapake m'kanjira kameneka ngalande inkadutsa pansi pa msewu m'chipaipi chachikulu cha simenti, pomwe kale ankatsukirapo zikwanje. Koma kanali kutsogolo kapena anakapitirira? Mu utsi umenewo minda yonse inkafanana. Zaka khumi ndi zinayi zija zinathawa m'mutu, anatsala ndi "Ya Allah, Ya Allah" basi. Anayendetsa pang'onopang'ono, maso akuyabwa, akuyang'ana m'mbali, mpaka anaona pomwe udzu unali wobiriwira kwambiri. Anaisiya njinga kuti igwe yokha, nawagwetsera a Layson kumsana kwake. Ndodo yawo ndi kachikwama zinatsala pa msewu.

Anatsetserekera nawo m'ngalande. Madzi anali ofika m'maondo, ozizira, onunkha matope. Chipaipicho chinali chongokwana munthu wokwawa, ndipo a Layson sakanatha kukwawa. Kalilu analowa chafutambuyo, nawagwira m'khwapa n'kumawakoka chagada, mwendo wouma uja ukukhukhuluzika pa simenti, iwo akulira mokweza. M'katimo munali kale eni ake: china chake chaubweya chinamudutsa pakhosi, china choterera chinamukhudza mkono. Sanafune kudziwa kuti n'chiyani.

Ndiye moto unafika. Kukamwa konse kuwiri kwa chipaipi kunafiira psuu, phokoso likugwedeza simenti. Kutentha kunalowa ngati munthu watsegula uvuni wa njerwa. Kalilu anavula kofia yake, naiviika m'madzi, n'kuwaphimba nayo a Layson mphuno ndi pakamwa.

"Mutu pansi, madala! Pumirani pafupi ndi madzi!"

Iye anakokera malaya kumaso. Utsi unadzaza thi, wokoma ngati shuga wopserera, wotsamwitsa. Pamwamba pawo panamveka kuphulika kwakukulu, ndipo anadziwa kuti ndi thanki ya njinga yake, koma sizinamukhudze n'komwe. A Layson ankanena Pemphero la Ambuye modukizadukiza, iye akunena zake za Chiarabu, mitu itagundana. Atafika pa "mutipulumutse kwa woipayo" a Layson anatsokomola kwambiri, kenaka anangoti zii. Thupi lawo linalemera.

"Madala! Madala!"

Kalilu anawakweza mutu kuti usamire, akuwagwedeza, akuwathira madzi kumaso. Ankaona ana a ku Dedza aja, anthu omwe sanawaonepo, ataima pakhomo pake kufunsa kuti bambo athu munawatani. Akanayankha chiyani? Kuti ankathamangira ku msikiti? Analira ngati mwana m'chipaipi muja, akuwapempha kuti asafe, akuwalonjeza zinthu zopanda mutu.

Moto wa nzimbe ndi waukali koma sukhalitsa. Patapita mphindi zomwe kwa iye zinali ngati chaka, phokoso linapita kutali, ndipo kamphepo kanayamba kulowa mbali imodzi. Anawakokera kunja, kudziko lakuda lokhalokha, nzimbe zili njo zopanda masamba, nthaka ikufuka. Anawagoneka chammbali pa matope n'kumawamenya kumsana. A Layson anakoka mpweya ngati chitseko chadzimbiri, nasanza, natsegula maso.

"Tili kuti?"

"Tili moyo, madala. Alhamdulillah, tili moyo."

Ootcha aja anabwera akuthamanga, atamva kuphulika kwa njinga. Patsogolo pawo panali kapitawo wawo, a Frazer, omwe kale ankadula mzere umodzi ndi Kalilu. Ataona anthu awiri akuda ndi mwaye atakhala m'mphepete mwa ngalande, a Frazer anagwira mutu. Anaimba foni kuitana galimoto. A Layson anali atatsamira pa Kalilu, dzanja lawo lili pa phewa lake, ndipo ankauza aliyense wofika, mawu ali osasa:

"Mwana uyu wandibereka kumsana. Akanatha kundisiya. Uyu ndi mwana wanga kuyambira lero."

A Frazer anatembenukira kwa mmodzi wa antchito, bambo wowonda wa ovolosi yong'ambika pa bondo, yemwe ntchito yake inali yozika nsalu.

"Iwe, njira ya kumtunda unazika?"

"Ndinazika, bwana. Ndikulumbira, ndinazika."

"Ukanazika anthu awa akanalowa bwanji? Ukudziwa kuti ukanapha anthu?"

Bamboyo anayang'ana uku ndi uko, thukuta likutsika, osapeza womuikira kumbuyo. Ndodo ija inali itapsa pamodzi ndi nsalu yake, ndipo panalibe chomuchitira umboni. A Layson anapukusa mutu, nati iwo sanaone nsalu iliyonse, zomwe zinali zoona, chifukwa nthawi imeneyo ankayang'ana kumwamba kwa nzimbe. Kalilu akanangokhala chete, nkhani ikanathera pa munthu wa ovolosiyo. Dzanja la a Layson linali lofunda pa phewa lake.

"Inalipo, a Frazer," anatero Kalilu. "Ndinaiona. Ndinaizungulira."

A Layson anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira ndi utsi.

"Unaiona?"

"Eya, madala."

"Ndipo unkadziwa tanthauzo lake?"

"Ndinkadziwa."

A Layson sanakalipe, ndipo Kalilu akanakonda akanakalipa. Anangochotsa dzanja lawo pa phewa lake pang'onopang'ono, n'kuliika pa bondo lawo. Galimoto itafika, Kalilu anaimirira kuti awanyamule, koma iwo anatambasulira manja kwa bambo wa ovolosi uja. Galimotoyo inawatengera kuchipatala, ndipo patapita masiku awiri mwana wawo anabwera kudzawatenga. Ku Liwaladzi sanafikeko.

Kalilu akadali pa Dwangwa. Anapeza njinga yakapalasa, ndipo amanyamula matumba a mpunga, madengu a usipa, nthawi zina mitolo ya malata. Ndi wodalirika, ndipo amalonda amamulimbirana. Koma mlendo akatsika minibasi n'kumukodola kuti amuperekeze kunyanja, iye amayang'ana pansi n'kuloza anzake. Sanakwezenso munthu pa njinga yake.