Ndinafufuta Ndekha Dzina Langa pa Seva za Loji

Inu owerenga, ntchito ndinadzichotsa ndi chala changa chomwe, chifukwa ndinakhulupirira munthu mpaka kusiya kuwerenga.

Ndinkasamalira makompyuta a maloji atatu a bwana mmodzi ku Senga Bay. Loji iliyonse inali ndi seva, kompyuta yosunga mayina a alendo ndi zipinda zomwe asungitsa. Mphenzi ikawotcha seva, ndinkatha masiku awiri ndikuikamo zonse pamanja, alendo akudandaula. Ndiye ndinalemba mafayilo ofotokoza mmene seva iyenera kukhalira: mapulogalamu akutiakuti akhalepo, anthu akutiakuti aloledwe kulowa. Ukangolamula, seva imadzikonza yokha kuti ifanane ndi zolembedwazo. Sifunsa chifukwa.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndinakulira kwa agogo ku Khombedza, ndipo ndine wofatsa. Bambo wina woyang'anira polandirira alendo, wodziwako makompyuta, atayamba kunditchula kuti mng'ono wanga, mtima wanga unakhala m'malo. Panalibe amene ananditchulapo choncho. Atapempha kuti aphunzire, ndinawapatsa mafayilo onse ndi chilolezo chosintha zamkatimo.

Lachisanu lina m'mawa anandipeza mu ofesi. "Mng'ono wanga, ndawonjezera mu fayilo dzina la wantchito watsopano uja. Tangolamula seva iweyo, ine manja angawa ndi ogwira makiyi a zipinda basi."

Tinaseka. Ine amene ndimawerenga kawiri ngakhale kapepala ka mankhwala, fayilo ija sindinaitsegule. Ndinalamula, seva zonse zitatu zinamvera. Nditayesa kulowa, zinandikana. Nditatsegula fayilo ija, ndinapeza kuti pa dzina langa bambo aja anali atalemba kuti lichotsedwe, lawo n'kuliika pa woyang'anira seva zonse.

Masana bwana anandiitana. Anali atauzidwa kale kuti mafayilo amagwira okha ntchito, ndipo ine ndadzitsekera kunja chifukwa chosasamala. Seva zinasonyeza kuti wolamula ndinali ine. Mbiri ya yemwe wasintha fayilo sindinkasunga, ndiye umboni ndikanautenga kuti? Achimwene aja anayang'ana pansi n'kuti, "Mumukhululukire, bwana, ndi mwana wamasiye." Tsiku lomwelo ndinakwera kabaza, ntchito yatha.

Anzanga a ntchito imeneyi, sungani mbiri ya kusintha kulikonse, ndi dzina la wosinthayo. Musalamule fayilo yomwe simunawerenge mzere ndi mzere, ngakhale wakubweretserani ndi amene mumadyera naye mbale imodzi.

Ndimamva kuti mafayilo anga akugwirabe bwino ntchito kumeneko. Ndinawalemba kuti azimvera, ndipo anamveradi.