Maliro a Mwini Belu

Belu lija linali lachitsulo chakuda, lolemera ngati mwala wonolera mpeni, ndipo m'mphepete mwake munali mawu a Chijeremani amene m'nyumba monsemo munalibe wotha kuwawerenga. Likangolira, mayi ankasiya chilichonse, ngakhale tsitsi langa lolukidwa mbali imodzi, n'kuthamangira kuchipinda cha nkhalamba imene ankaisamalira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinkakhala m'kachipinda ka pamwamba pa galaja, kuseri kwa chinyumba cha njerwa ku South Bend.

Mbiri ya banja lija ndinaiphunzira pa masitepe, pamene anapachika zithunzi. Choyamba chinali cha agogo ake a nkhalambayo, amene anachoka ku Jeremani ndi nyundo yokha n'kuyamba kusula zitofu. Belulo analisula ndi iwowo. Chotsatira chinali cha mwana wawo, amene anakulitsa fakitale mpaka utsi wake unkadetsa zovala pa zingwe za dera lonse, koma nthawi ya nkhondo analetsa ana ake Chijeremani poopa maso a anansi. Kenako nkhalamba yathuyo, imene inatseka fakitale. Ana ake anali m'maofesi ku Indianapolis. Tikamadutsa pa basi ndinkaona chigoba cha fakitaleyo, nkhunda zikulowa ndi kutuluka pa mawindo ophwanyika.

Anthu aja ankakonda abale awo akakhala m'mafelemu. Wamoyo uja, wonunkha mkodzo ndi mankhwala, anamusiyira mayi. Mayiwo ankamusambitsa, kumumeta, kumudyetsa ndi supuni, n'kumamutchula kuti Bambo. Nayenso ankawatchula kuti mwana wake, ndipo mayi, ndi mtima wawo wa mpingo uja, anakhulupirira. Malume, amene ankagwira ntchito pachipatala, ankawachenjeza kawirikawiri: "Achemwali, anthu awa anakuhayani, sanakuberekeni."

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho, chipale chofewa chitakwirira msewu wathu, foni inabwera kuchokera kumudzi. Agogo anga, bambo awo a mayi, anali atamwalira. Mayi anaimbira mwana wamkazi wa nkhalambayo kupempha milungu iwiri. Iye anayankha ndi ulemu wozizira kuti bambo ake sadya m'manja mwa munthu wina, ndipo mayi akachoka ndiye kuti awapha. Mayi sanapite. Maliro anaonera pa foni m'mawa, ali chiimire m'khitchini, phala la nkhalamba likubwata. Bokosi lisanatsike m'manda, belu linalira. Anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni, n'kupita. Mpaka lero sindinawakhululukire anthu aja.

Chipale chisanasungunuke, nkhalamba ija nayo inatsikira kuli chete. Mwambo wa maliro anakachitira ku Indianapolis, kufupi ndi manda a banja. Malume atafunsa ngati atiitana, mayi anadabwa: "Maliro amaitanira munthu?" Anamanga duku ndi chitenje, malume n'kutitenga pa galimoto.

M'tchalitchi munali zii, fungo la maluwa ndi polishi lokhalokha. Anthu anakhala mowongoka m'mabenchi, nkhope zouma gwa. Mayi atangoona bokosi anakhala pansi pambali pake, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira mokweza monga timalirira kwathu. "Bambo anga ine! Mwandisiyira yani ine!" Mitu yonse inatembenuka. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ndinakoka chitenje chawo, n'kuwauza m'Chingerezi, kuti azungu aja amve kuti ine sindili nawo, kuti akhale chete, akundichititsa manyazi. Anandiyang'ana, n'kudzitseka pakamwa ndi dzanja.

Apa mwana wamkazi uja ananong'oneza bambo wina wa suti, amene anagwira mayi pa chigongono n'kuwatulutsa ngati munthu woledzera. Analamula zimenezo munthu woti sanasinthepo thewera la bambo ake ngakhale kamodzi. Tinadikira malume panja pamphepo, nyimbo ikumveka chapansipansi kuseri kwa chitseko.

Sabata yotsatira ana a nkhalamba ija anabwera kudzatenga zithunzi zawo ndi belu, ife tikulongedza katundu pamwamba pa galaja kuti tisamuke. Ndinali ndidakali wokwiya. Ndinkaona ngati mayi anadzichotsa ulemu polirira mzungu amene ankawaitana ndi chitsulo. Sindinkadziwa kuti m'tchalitchi muja ankamalizitsa maliro a bambo awo, amene belu linawadula pakati, ndiponso kuti kachiwiriko amene anawadula ndinali ine.