A Makiyi, Aphunzitsi ndi Njinga Yamoto Yofiira

A Makiyi anagula njinga yamoto ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, ndipo onse owadziwa anati madala mutu wasokonekera. Dzinali linachokera pa ntchito yawo. Kwa zaka zoposa makumi atatu ankadula makiyi m'kanyumba kamalata pafupi ndi sitolo ya zipangizo zomangira, kakang'ono koti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. M'zikhadabo mwawo simunkatha fumbi lachikasu la mkuwa. Anali munthu wosathamangira kanthu. Kasitomala wopupuluma ankamuuza kuti, "Chitseko chanucho sichithawa, bwana."

Akazi awo anaphunzitsa ana a kalasi yachitatu mpaka kupuma ntchito, ndipo a Makiyi ankawatchula kuti Aphunzitsi ngakhale m'nyumba. Matenda oiwala anawayamba mwakachetechete. Tsiku lina nsapato zinapezeka m'firiji, tsiku lina shuga anathiridwa m'madzi ochapira, ndipo onse awiri anaseka. Patapita zaka ziwiri kuseka kunatha, chifukwa Aphunzitsi anayamba kuyang'ana amuna awo monga mmene munthu amayang'anira mlendo amene wakhalitsa pakhomo.

Nthawi yoopsa inali ya madzulo. Ikangokwana folo koloko, Aphunzitsi ankalongedza thaulo, supuni ndi limoti ya TV m'kachikwama, n'kukaima pakhomo.

"Zikomo kwambiri, abambo, mwandisunga bwino. Koma ndizipita kwathu, mwana ali yekha."

"Kwanu ndi konkuno, Aphunzitsi. Mwana wathuyo anakula, ali ndi ana ake."

"Tanditsegulirani."

A Makiyi anaika loko pamwamba pa chitseko, poti akazi awo sakanafikira. Aphunzitsi ankamenya chitsekocho mpaka zala kutuluka magazi, uku akukuwa kuti anthu awathandize, abedwa. Mwamuna wawo ankangokhala pansi m'khonde la m'nyumba, kiyi atamufumbata, kudikira kuti mawu awathere.

Lachinayi lina anaiwala kukhoma, ndipo Aphunzitsi anatuluka n'kusowa. A Makiyi anawafunafuna maola anayi, kumsika, kupolisi, kuchipatala, mpaka kukasuzumira pansi pa mlatho mtima uli m'malere. Pobwerera kunyumba, miyendo ikukana, anapeza njinga yamoto ikuima pageti. Woyendetsayo anali bambo wokonza magetsi amene Aphunzitsi anamuphunzitsa ali mwana. Anawazindikira akuyenda pakati pa msewu kufupi ndi depoti ya mabasi, n'kuwakweza panjingayo. Koma chimene chinawaimitsa mutu a Makiyi chinali china: Aphunzitsi anatsika akuseka, tsitsi lili nyankhalala. Anadya chakudya chonse, n'kugona mpaka m'mawa osadzidzimuka. Mawa lake folo koloko inakwana, iwo akufunsabe kuti bambo wanjinga uja abwera nthawi yanji.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito mumzinda wina wakutali, atamva zakusowako anaimba foni.

"Ababa, basi zakwana. Mwezi uno ukatha ndikubwera kudzawatenga amayi. Ndapeza malo osamalirako okalamba kufupi ndi kuno, kuli manesi usana ndi usiku."

"Amayi ako si katundu woti n'kukasungitsa."

"Nanga akanagundidwa ndi galimoto? Inuyo mwaonda, simugona. Mukagwa inu, ndiyambira pati ine?"

A Makiyi anangowerenga masiku otsala: makumi awiri ndi atatu. Anagulitsa makina atsopano odulira makiyi, n'kutsala ndi akale aja ogwedera, ndipo anabwera ndi njinga yamoto yofiira akuikankha, chifukwa anachita mantha kuikwera pamaso pa ogulitsa. Maganizo awo anali akuti mwana wawo akadzapeza amayi ake adekha, akudya ndi kugona bwino, adzasintha mtima.

Ali mnyamata anayendetsako njinga ya bwana wawo, ndipo laisensi inali ikadali m'dirowa. Koma ijayi inali yokalamba, yofatsa, yoti umaiponda kiki kasanu isanatsokomole. Yatsopanoyi inkalira ukangokhudza kabatani, ndipo inkamva chilichonse. Kupotoza dzanja pang'ono, iyo yalumpha. Kusiya kilatchi msanga, yazima. Buleki yakutsogolo inkaluma ngati galu wa eni.

M'mawa uliwonse ankasiya Aphunzitsi ndi mayi woyandikana nawo nyumba, n'kupita pabwalo lafumbi kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Tsiku loyamba injini inazima kakhumi ndi kanayi. Tsiku lachitatu, pokhota, anagwira buleki yakutsogolo mwamantha, tayala linaterereka, ndipo anapezeka pansi njinga itawapsinja mwendo. Paipi yautsi inawawotcha katumba mpaka kununkha. Panalibe munthu wowaona. Anadzikoka okha, n'kuyesa kuidzutsa, koma inali yolemera ngati ng'ombe yakufa. Anakhala m'fumbimo n'kulira mokweza, kulira kumene sanalirepo chiyambire matenda a akazi awo. Atatha anapukuta nkhope ndi malaya, anaika msana pampando wa njingayo, n'kuikankha chobwerera mpaka inaima.

Makaniko amene anawongola chogwirira cha njinga chimene chinapindika anali mnzawo wakale, wokonda nthabwala.

"Achimwene, mwafuna kufera pachitsulo chatsopano kuti maliro akhale apamwamba?"

"Usandiseke. Ndikufuna kunyamula alamu ako, ndipo masiku andithera."

Makaniko uja anasiya kuseka. "Ndiye mverani. Maso aziona kumene mukupita, osati tayala. Mukayang'ana dzenje mulowa m'dzenjemo. Kilatchi muziisiya ngati mukutsitsa khanda pabedi. Ndipo musananyamule munthu, yambani mwanyamula thumba la mchenga. Likagwa silidandaula."

Choncho kwa sabata yathunthu anthu ankaona mkulu wa imvi akuzungulira bwalo ndi thumba la mchenga kumbuyo, atalimanga ndi chingwe, akulilankhula. "Gwiritsani, Aphunzitsi, tikukhota." Bala la pakatumba linkatuluka madzi n'kumamatira ku buluku. Dzanja lamanzere linkachita dzanzi moti kukanyumba kwawo anawononga makiyi atatu a anthu tsiku limodzi, zimene sizinachitikepo. Ndipo madzulo aliwonse chitseko chinkalirabe, kukuwa kuja kukupitirira.

Atatsala masiku khumi ndi awiri anati zivute zitani. Folo koloko itakwana, Aphunzitsi ataima pakhomo ndi kachikwama kawo, a Makiyi anatsegula chitseko.

"Tiyeni, mayi, ndikakutuleni kwanu."

Aphunzitsi anakana chisoti, amati chikununkha mphira. A Makiyi anaganiza msanga. "Ahedi alamula kuti mphunzitsi aliyense azivala." Aphunzitsi anavala nthawi yomweyo, n'kufunsa ngati chakhala bwino.

Anatuluka pageti pa giya yoyamba, thukuta lili kamukamu. Munthu si thumba la mchenga: Aphunzitsi ankatembenuka, kuloza uku ndi uku, njinga n'kumapepeluka. Koma atadutsa sitolo zoyambirira manja awiri anawagwira m'chiuno, kugwira kwenikweni, ndipo a Makiyi anatsala pang'ono kuiwala giya yachiwiri. Panali patatha chaka akazi awo asanawakhudze mwa kufuna kwawo.

Aphunzitsi anayamba kuwerenga zikwangwani mokweza, ndi kukonza zolakwika. "Taonani uyo, walemba 'tikumeta' wopanda 'i'. Anaphunzira kwa yani ameneyu?" Atafika pamsewu wa mitengo wodutsa kuseri kwa fakitale, anawagogoda pachisoti.

"Kodi inu abambo, muli pabanja?"

"Eya, mayi."

"Akazi anu akudziwa kuti mukunyamula akazi a eni?"

"Akudziwa. Ndi munthu wabwino, sachita nsanje."

"Ndiye ndi wopusa," anatero Aphunzitsi, n'kuseka mpaka njinga kugwedezeka.

Atazungulira kwa theka la ola anabwerera pageti pomwe paja. Aphunzitsi anayang'ana nyumbayo n'kunena kuti, "Eya, ndi pano." Analowa okha.

Kwa masiku asanu ndi anayi zinayenda chomwecho. Njira inali imodzimodzi: sitolo, msewu wa mitengo, bwalo la mpira pomwe ankaima kuti Aphunzitsi akalipire osewera otukwana, kenako kunyumba. A Makiyi anayamba kuizolowera njingayo. Anadziwa kulira kwake ikafuna giya ina, anadziwa kuti buleki yakumbuyo ndiyo bwenzi la wonyamula munthu. Zala za Aphunzitsi zinapola. A Makiyi anayamba kukonzekera mawu odzauza mwana wawo.

Tsiku lakhumi anapeza msewu wa mitengo watsekedwa, akukumba mapaipi, ndipo anakakamizika kulowa mumsewu waukulu. Pamaloboti anaima pakati pa basi ndi lole, maso ali pa getsi lofiira, mtima uli pa kilatchi kuti isazime. Getsi litasintha ananyamuka bwinobwino, n'kudabwa kuti njinga yapepuka. Pagalasi anaona chisoti choyera chikuyenda pakati pa magalimoto. Aphunzitsi anali atatsika, akuoloka kutsatira gulu la ana asukulu ovala yunifolomu tsidya linalo.

A Makiyi anangoisiya njingayo kugwa pakati pa msewu n'kuthamanga. Mahutala analira ponseponse. Galimoto ina inakwecha mabuleki n'kuima chogwirira cha kachikwama ka Aphunzitsi chitakola pagalasi lake. A Makiyi atawagwira mkono, akazi awo anawamenya pachifuwa n'kukuwa kuti, "Ndisiyeni! Sindikukudziwani!" Anthu anakhamukira, ena ayamba kale kuwakoka a Makiyi malaya poyesa kuti ndi wakuba. Anapulumuka chifukwa wogulitsa manyuzipepala pakonapo anawazindikira.

Nkhani inamufika mwana wawo tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake anali pakhomo. Sanakalipe. Anagwada n'kupinda buluku la bambo ake, n'kuona bala lija.

"Linali tsiku limodzi lokha, mwanangu," anatero a Makiyi. "Masiku asanu ndi anayi anadya, anagona. Ndiziwamanga ndi lamba kwa ine. Sindidzalowanso msewu waukulu. Ndipatse mwezi umodzi wokha."

"Ababa, mukawamanga ndiye mukagwa mugwera limodzi. Ndikataye awiri tsiku limodzi?"

"Kumeneko adzafera pachitseko. Sudziwa mmene amalirira."

"Ndikudziwa. Mumaiwala kudula foni, ababa. Ndakhala ndikumva."

Anawatenga Loweruka. Aphunzitsi analowa m'galimoto mosavuta, n'kuthokoza a Makiyi chifukwa cha malo ogona.

Malo osamalirako okalambawo anali pa mtunda wa makilomita zana limodzi ndi makumi anayi. A Makiyi, amene anali asanapitirirepo giya yachinayi, anayamba kuphunzira msewu wautali: mphepo ya malole imene imakukankhira kumbali, tizilombo tomenya pagalasi la chisoti, msana wouma ngati thabwa. Loweruka lililonse ankanyamuka m'mamawa. Manesi anawalola kuzungulira ndi akazi awo pamalo oimika magalimoto, pa giya yoyamba, nesi mmodzi ataima pageti. Ankazungulira kakhumi, kakhumi ndi kasanu, kudutsa nkhokwe ya zinyalala yomweyo ndi ambulansi yomweyo, okalamba ena akuonerera pamawindo. Masiku ena onse a sabata, anatero manesi, amayiwa amakhala pampando pafupi ndi chitseko, osalankhula.

Patatha miyezi isanu, Loweruka lina, mwendo wa Aphunzitsi unakana kukwera pampando. Anayesa katatu, nesi akuthandiza, mpaka nesiyo anati, "Agogo, tiwapweteka. Zikhale." A Makiyi anazimitsa injini. Anakhala ndi akazi awo pabenchi padzuwa, n'kuwasendera lalanje, kuwapatsa kachidutswa kamodzikamodzi.

Nthawi yoona odwala itatha, Aphunzitsi anawagwira mkono wa jekete.

"Mubweranso mawa, abambo?"

"Mawa," anatero a Makiyi, akudziwa kuti akunama, ndiponso kuti pofika pageti funsolo likhala litaiwalika.

Pobwerera mvula inawapeza pakati pa njira. Anafika kunyumba atanyowa mpaka m'kati, mano akugundana, dzanja lamanzere litakana kutambasuka moti analiviika m'madzi ofunda. Mawa lake, kunja kukadali chisisira, mayi woyandikana nawo uja anamva injini ikulira, n'kutuluka atafunda bulangete.

"Agogo, si dzulo lomweli munapita? Mukudwalatu inu, tamvani mmene mukutsokomolera."

"Ndinawauza kuti mawa," anatero a Makiyi. Anamanga lamba wa chisoti ndi dzanja limodzi, n'kupempha mayiyo kuti awatsekere geti.