Madzi Akuda a Kalongonda

Kuseri kwa khola la nkhumba kwathu ku Kasenengwa kunali kadzenje kamene ana tinkakalambalala. Amayi ankatayamo madzi a kalongonda n'kukwirira ndi dothi, kuopa kuti nkhuku zingamwe. Kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zimene tinkabzala m'mphepete mwa munda, ndipo tinkazikumbukira pokhapokha nkhokwe ikayamba kuonetsa pansi. Ukaziphika mothamanga, ena ankati zimazunguza mutu, ena ankati zimapengetsa, ena ankati zimapha. Ine ndinabadwa wamantha, moti ndinkakhulupirira zonsezo.

Chaka china njala inatipana chimanga chisanakhwime kumunda. Atate anali kutali ku ganyu wa m'minda ya thonje, pakhomo titatsala amayi, ine ndi mng'ono wanga Esinati, yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu. M'mawa wina amayi anati ndakula, ndiphunzire kuphika kalongonda.

"Uwiritse, utaye madzi, usende makoko, uwiritsenso, utayenso," anatero. "Madzi akasiya kuda, ndiye uyambe kuganiza za mchere. Usalawe ngakhale imodzi, wamva?"

Ndinamva, ndipo ndinkagwira chikombe ngati ndagwira njoka kumchira. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkandiliza, khosi linkawawa chifukwa cha maulendo a kuchitsime. Madzi oyamba anatuluka ali bii. Choipa chake, nyembazo zinkanunkhira bwino kwambiri, ndipo tonse tinali titagonera phala la madzimadzi.

Titatsanulira nyemba mu lichero kuti zizizire tisende, mvula inangoti wa, osachenjeza. Pabwalo panali mphasa ya gaga, wotsiriza m'nyumba mwathu. Ine ndi amayi tinathamangira gagayo. Pobwerera kukhitchini tinapeza Esinati atakhala mwaulemu pambali pa lichero, masaya atafufuma, akutafuna msangamsanga. Pakati pa nyembazo panali pataphwa ndithu.

Amayi anali munthu wokalipa ngakhale mthiko ukangogwa pansi, koma tsikulo sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa koposa. Anamugwira n'kumupisa chala kukhosi. Esinati anasanza, analira, kenako anayamba kuseka yekha akuloza kudenga, ati nkhuku zikuyenda chadodolido. Ataimirira anadzandira ngati abambo ochokera ku kachasu, n'kugwa. Maso ake ankandidutsa ngati sakundidziwa. Ndinadziwa kuti mwana wathu akupita.

Amayi anamubereka, tinayamba kuthamanga kulowera kuchipatala, matope akutimeza mapazi. Titafika pakamtsinje kamene masiku onse tinkangokalumpha, tinapeza kadzaza, kakukokolola nthambi ndi zitsa. Amayi anaima nthawi yaitali, akupemphera korona ili m'manja, milomo ikuyenda popanda mawu. Mutu wa Esinati unkangolendewera kumsana. Kenako amayi anatembenuka, tinabwerera.

Kunyumba anandikhazika pamphasa n'kundiika mwanayo pamiyendo. Iwo anapita kukasonkhanso moto, n'kuyamba kusenda nyemba zomwe zija. Ndinaganiza kuti nawonso mutu wawazungulira.

"Amayi, mukuphikanso zomwezo?"

"Nanga akadzuka adya chiyani?" anayankha osandiyang'ana.

Masana onse ndinakhala dzanja langa lili pachifuwa cha Esinati, kumvetsera ngati chikukwerabe ndi kutsika. Ankatuluka thukuta, zala zake zikunjenjemera. Nthawi zina mpweya unkachedwa kubwera, ine n'kusiya kupuma nawo. Kukhitchini amayi ankawiritsa, kutaya, kuwiritsa, kutaya, akudutsa ndi mphika kupita kukadzenje kaja, ndipo ulendo uliwonse ankaponya diso kwa ife.

Dzuwa litapendeka Esinati anatsegula maso. Anandiyang'ana, tsopano akundiona bwinobwino, n'kufunsa ndi timawu tosasa: "Asisi, zapsa?" Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo ndikanamutsina akanakhala kuti ali ndi mphamvu.

Madzi atayera, amayi anathira mchere ndi nsinjiro pang'ono, koma sanatipatse. Anapakula m'kambale, anadya okha, n'kukakhala pakhonde manja ali pamaondo. Ife tinkangoyang'ana nkhope yawo, kudikira ngati ayambe kuseka ndi denga. Pamenepo mantha anga anasamukira kwa iwo: akagwa amenewa, ife titani? Patapita nthawi ndithu anadzuka, anayenda molunjika mpaka kukhitchini, ndipo anatipakulira.

Lero ndili ndi kamunda kanga panjira ya ku Mtenguleni, ndipo Loweruka kumabwera azimayi ndi atsikana a m'tauni ya Chipata kudzaphunzira kuphika zakwathu: chiwawa chotendera, chikanda, bowa wofutsa. Zimene ife tinkadya ndi misozi iwo amazijambula pafoni. Esinati, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, amandithandiza, ndipo salola lichero kukhala pansi pakakhala mwana pafupi. Tsiku la kalongonda sipalephera wina wofunsa ngati palibe njira yachidule, poti kunyumba ali ndi chitofu cha magetsi. Ndimangomutuma akataye madzi. Zikapsa onse amabwera ndi mbale zawo, koma ndimawauza adikire. Ndimapakula pang'ono, kudya ndekha, n'kukakhala pakhonde manja ali pamaondo, ndipo Esinati amasiya chilichonse chimene wagwira n'kumandiyang'ana kumaso.