Jekete ya apongozi

Ntchito yanga yoyamba sindinaivutikire. Nditamaliza maphunziro a unesi, anatiuza kuti pakufunika munthu pa kiliniki ina yaing'ono m'mbali mwa Zambezi, chakumtunda kwa Feira. Anzanga onse anayang'ana pansi, chifukwa masiku amenewo nkhondo ya kutsidya kwa mtsinje inkatayikira kuno. Ine kwathu ndi ku Mburuma, ndiye ndinavomera. Musati ndinali wolimba mtima, ndinkangofuna kukhala pafupi ndi amayi.

Pa kilinikiyo tinalipo awiri, ine ndi a Njobvu amene anali mkulu wanga. Zida zathu zinkakwana m'thireyi imodzi: themometa, makina a BP okhala ndi kampira kotopa, sitetosikopu, tochi, sizasi ndi wotchi yanga ya pachifuwa. A Njobvu sankafuna zachidule. Wodwala aliyense, ngakhale wa chimfine, unkamuyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Uyambe wamuyang'ana mmene walowera ndi mmene akupumira. Uwerenge kugunda kwa mtsempha mphindi yathunthu. Ukoke chikope uone ngati magazi alimo. Avule malaya, umvetsere chifuwa kutsogolo ndi kumsana. Pamimba umvetsere kaye, kenako ugogode, kukanikiza kubwere pomaliza. Ndikafulumira ankati, "Iwe Agnesi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamutembenuza?" Ndinkawanena mumtima kuti mdala uyu angavule ngakhale munthu wongobwera kudzapempha madzi.

Patapita miyezi, ovulala anayamba kuchuluka: oponda mabomba okwirira, asodzi owomberedwa m'bwato. Oyambirira ndinkawalirira kuseri kwa thanki ya madzi. Kenako misozi inangoleka yokha. Ndinkatsuka bala, kumanga, kusamba m'manja, kudya. Mtima unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ndipo ndinkaona ngati ndiko kukhwima pa ntchito.

Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Lazaro, mphunzitsi amene ankagwira ntchito ku Lusaka. A kwawo anali atafika kale kwathu, nkhani inatha, tinkangodikira ukwati. Choncho atate ake, a Mwanza, anali apongozi anga. Kwathu apongozi suwayang'ana kumaso, sudya nawo, ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada patali. Za kuona thupi lawo ndiye sizitchulidwa n'komwe.

Tsiku lina ndege za nkhondo zinabwera m'mawa n'kuponya mabomba cha kumidzi ya kumtunda. Pofika naini koloko pabwalo pathu panali podzaza. Ena anabwera pa njinga, ena pa bwato, ena pa machira. A Njobvu analowa m'kati kukasoka ndi kuika madiripu. Ine anandisiya panja.

"Yeza aliyense, mutu mpaka phazi," anatero. "Landirova ya ku mishoni ibwera masana, itenga anayi chabe. Iwe ndiwe uzaniuza ndani akwere."

Ndinayamba. Sindikumbukira kuti ndinkamva mantha kapena chisoni. Ndinkangowerenga mitsempha ndi kulemba pa makhadi.

A Mwanza ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa masau, atatsamira thunthu. Anali atathandiza kunyamula mnansi wawo pa machira kuchokera kumudzi. Kunali kotentha koopsa koma anali atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi, mabatani onse otseka. Akazi awo anali pambali pawo. Ndinagwada chapatali, ndinaomba m'manja, nkhope nditayang'ana kumbali.

"Atate, nabwera kukuyezani."

"Iyayi apongozi, ine nili chabe bwino," anayankha, nawonso akuyang'ana kwina. "Nalema na machira. Onani anzanga aja. Ine nizaonana na a Njobvu bakamasuka."

Ndinapempha dzanja. Analitambasula, ndinagwira pamkono ndi zala ziwiri. Mtsempha unkathamanga, wopyapyala, khungu lozizira ndi lonyowa. Zimenezo ndinazimva ndithu, sindingakane. Ndinadziuza kuti munthu wamkulu amene wanyamula machira padzuwa lotere ayenera kutero. Chikope sindinakoke, chifukwa kukoka chikope n'kuyang'ana munthu m'maso. BP inafuna kuti avule jekete, ndiye ndinakulunga lamba pamwamba pa mkono wa jeketeyo. Ndinapopa, ndinamvetsera, ndinangomva nsalu ikukhwekhwesa. Pa khadi yawo ndinasiya malo a BP opanda kanthu, pansi pake ndinalemba kuti wotopa, apume, amwe madzi. Ndinaombanso m'manja n'kupita kwa wotsatira.

Landirova inafika dzuwa lili pamutu. Ndinapereka mayina anayi, a Njobvu anavomereza, inanyamuka. Mmodzi mwa anayiwo anali wothyoka mkono, akanatha kudikira mpaka mawa.

Cha m'ma thu koloko akazi a a Mwanza anakuwa. Tinapeza a Mwanza atagwera chammbali, milomo yotuwa. A Njobvu sanafunse munthu. Anatenga sizasi, anadula jekete kuyambira m'munsi mpaka kukolala, anadula shati, anawatembenuza. Kumsana, m'munsi mwa nthiti za kumanzere, kunali kabowo kakang'ono ngati njere ya chimanga, polowera kachitsulo ka bomba, iwo eni atatsekapo ndi kansalu. Kunja magazi anali ochepa, onse ankatayikira m'kati. Mimba inali gwa ngati thabwa. Anakoka chikope, chinali choyera.

"Unabavula?" anandifunsa.

"Ni apongozi anga."

"Nanga sunaniitane bwanji?"

Nthawi ija a Njobvu anali m'chipinda, masitepe makumi awiri kuchokera pa mtengo uja. Zowaitana sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

Tinawaika diripu yomaliza imene tinali nayo. Ine ndinagwira botolo m'mwamba, ndipo kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga bwinobwino. Anali ndi kachipsera pachibwano ngati ka Lazaro. Anatsegula maso kamodzi, anandiona nditaima pamwamba pawo, anayesa kukokera chidutswa cha jekete pachifuwa. Landirova inabwerera dzuwa litapendeka. Inawapeza atatsirizika.

Sindinalire. Ndinatsuka sizasi, ndinaiwiritsa, ndinapitiriza ndi otsala. A Njobvu sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Mawa lake anangondipatsa khadi ija, chala chawo chili pa malo a BP opanda kanthu aja, n'kunena kuti ndiisunge ndekha.

Ndagwira unesi zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndaphunzitsanso ana a sukulu ya unesi ambiri. Amandinena kuti ndine wovuta. Ndimawauza kuti malo amene sunaone usawalembe kuti ali bwino, ndipo mtsempha ukakuuza china, pakamwa pa wodwala pakakuuza china, khulupirira mtsempha. Mwambo sindinautaye, apongozi ndimawagwadirabe. Koma mwambo ukakumanga manja, nyamuka nthawi yomweyo ukaitane mnzako amene mwambowo sunam'mange, uime pakhomo mpaka atuluke akuuze chimene waona. Wodwala asakhale pamthunzi kudikira kuti manyazi ako athe.

Ukwati ndi Lazaro unachitika chaka chotsatira. Ndinamuuza zonse tisanakwatirane, iye anati ndisadzawauze amayi ake. Amayiwo anali ndi nkhani yawoyawo. Pa maliro a a Mwanza, ndili pakati pa azimayi, anandigwira dzanja n'kuuza onse mokweza:

"Uyu ni mwana wa mwambo. Olo pa nkhondo, sanayangane thupi ya apongozi bake."

Azimayi anavomereza, ena anandisisita pamsana. Ine ndinagwada n'kuomba m'manja, monga amachitira munthu akayamikiridwa. Mawu amenewa ankawabwereza kwa mlendo aliyense wofika pakhomo pathu kwa zaka makumi awiri, mpaka tsiku limene ndinawasambitsa ndi manja anga ali gone pamphasa atatsirizika, ndipo nthawi zonse ine ndinkayankha kuti zikomo amayi.