Makilo a Aphunzitsi Dinar Baig

Taganizani m'mawa wamba ku Shogor: mapiri ayera ndi chipale chofewa, ana akulowa m'kalasi akuuzira mpweya m'manja, ndipo a Dinar Baig alemba kale samu pabolodi. Samu yawo inali yomweyo chaka ndi chaka. Kuchoka pabwalo la ndege la Shogor kukafika la ku Darbat ndi makilomita 120, ndege imatenga mphindi 25, pezani liwiro lake. Pa jipi ulendo womwewo ndi wa masiku awiri.

A Dinar eni akewo anali asanakwerepo ndege. "Ndimaphunzitsa kusambira ndili pamtunda," ankatero.

Mwayi unapezeka chaka chimene ophunzira awo awiri, Nekbakht ndi Zarmina, anaitanidwa kukalemba mayeso olowera sukulu ya unamwino ku Darbat. Msewu unali utagumuka, ndipo mayeso anali mawa lake. A Maqsad, bambo a Zarmina, analola pa mfundo imodzi: mwana wawo apite ndi aphunzitsi.

A Dinar anavala chikhoti cha paukwati wawo, mabatani akukana kukumana. Pabwalo la ndegepo aliyense amakwera pasikelo ndi katundu wake, poti kandege kathu sikadumpha mapiri kakalemedwa. Woyeza anali Sifat, amene anadutsa m'manja mwawo kalekale.

"Makilo 104! Aphunzitsi, mwabisa nkhosa m'chikhotimo?"

"Iwe Sifat, samu unkalephera. Werenganso."

"Singano sinama, bwana. Atsala makilo 160 basi. Mupite inu ndi mtsikana mmodzi, kapena atsikana awiriwa okha."

A Dinar anavula chikhoti, anavula nsapato, anakhuthula zipatso zouma za apurikoti za m'matumba. Singano inangotsika makilo atatu. Nekbakht anawerama. Ankadziwa kuti wotsala ndi iye, ndipo kwathu kuno chaka chimodzi chodikira chimakwana kuti mtsikana amupezere mwamuna.

"Tinagwirizana, aphunzitsi," anatero a Maqsad. "Wanga sapita popanda inu."

"Achimwene, mphindi 25 zokha! Kapu imodzi ya tiyi wamchere mumamwa nthawi yoposa pamenepo. Mlongo wanga ali ku Darbat, ndimuimbira pompano akawachingamire pabwalo. Kapena mukufuna mwana wa mnzanu atsale chifukwa cha mimba yangayi?"

A Maqsad anaiyang'ana mimbayo kwa kanthawi.

"Koma mwaisamala bwino," anatero. Kenako anatembenukira kwa Zarmina. "Nyamula chikwama, iwe. Ukamvere mlongo wa aphunzitsi akowa."

A Dinar anaima ndi masokosi okha pamiyala yozizira, nsapato zili m'manja, mpaka kandege kanabisika kuseri kwa phiri. Sabata isanathe, kalasi yonse inali ikudziwa makilo awo. Iwo sanakwiye. Anawalemba pabolodi, ana n'kuphunzirirapo samu yochotsera.

Atsikana onse awiri anakhoza mayeso. Pa zaka 31 za uphunzitsi wawo, a Dinar anatumiza atsikana khumi ndi anayi kusukulu ya unamwino.