Che Yusufu anakweza dzanja, foni sinawaone

Lachinayi lapitali ndinavala jekete pachabe. Mpaka lero mtima sunatsike, ndiye mundilole ndilankhule.

Ine ndine mlonda ku Area 10. Mnzanga Che Yusufu ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ina ku Area 1. Tonse awiri tili ndi masheya m'kampani ina yopanga sopo ndi mafuta ophikira. Musaseke. Tinagula kalekale, nthawi imene ankalengeza pawailesi kuti aliyense akhoza kukhala mwini kampani. Athu ndi ochepa, inde, koma ndi athu.

Chaka chilichonse kampaniyo imachititsa msonkhano wa eni ake ku hotela ina ku City Centre. Kwa ife, limenelo ndiye tsiku. Timamwa tiyi wamkaka, amatipatsa chibuku cha lipoti. Chingerezi chake ine sindichimva chonse, koma ndimayang'ana nkhope za mabwana. Munthu akamati zinthu zikuyenda bwino uku akupukuta thukuta, ndimadziwa ndekha.

Che Yusufu ndiye katswiri wa mafunso. Amakweza dzanja, amawapatsa maiki, holo yonse zii. Ngakhale a tcheyamani amawadziwa dzina.

Koma maso a mnzangayu atha. Ulusi sukulowanso pasingano. Mwezi uno ukatha akubwerera kwawo ku Mangochi, osadzabweranso. Umenewu unali msonkhano wawo womaliza, ndipo funso anali atalikonza: bwanji mtanda wa sopo wachepa? Anaika mitanda iwiri m'thumba la jekete, wakale umene anasunga ndi wa masiku ano, kuti akaonetse anthu.

Tsiku la msonkhano tinalimva kwa kasitomala wawo wina amene anaona kachidziwitso m'nyuzipepala. Malo sitinafunse. Tikanafunsiranji, chaka chilichonse ndi hotela yomweyo?

Mu minibasi Che Yusufu anayamba kale kundinyoza.

"A Gama, lero musakagone mumsonkhano. Kumeneko si pageti."

"Inu atelala, mukaonetsetse kuti mukufunsa a tcheyamani, osati mtsuko wa maluwa."

Tafika, holo ili ndi anthu ena, za misonkhano ya mabungwe. Mayi wa pa risepushoni anatiyang'ana ndi chisoni.

"Pepani abambo, chaka chino kuno kulibe. Msonkhano wawo ukuchitikira pa intaneti. Simunaone pa webusaiti yawo?"

Ndinakalipa, sindibisa. Ndinafunsa kuti webusaitiyo ili mu Area chani, ndikwere minibasi iti. Mayiwo sanakwiye. Anatikhazika pabenchi, anatenga foni yanga yosweka galasi, nailumikiza ku intaneti ya hotelayo. Anatifunsa manambala a masheya, anadinadina, basi a tcheyamani aja atulukira, kamutu kakang'ono ngati mtedza.

Che Yusufu anawongola kolala, namangirira batani la jekete.

"Akutiona?"

"Ayi abambo, ndinu nokha mukuwaona."

"Nanga akutimva?"

"Atseka mawu a aliyense. Funso mumachita kulemba."

Nthawi ya mafunso itakwana, mnzanga anakwezabe dzanja. Munthu wamkulu, imvi mbuu, dzanja m'mwamba kutsogolo kwa foni ili pabondo langa. Anangoti njo, kudikira kuti amuloze. Ndinafuna kuseka, koma ndinangoyang'ana kumbali.

Mayi aja anawalembera funsolo m'Chingerezi, natumiza. Tinadikira. Kumsonkhanoko anawerenga la munthu wina wa kunja, anawerenga la kubanki. Kenako a tcheyamani anati mafunso otsala adzayankhidwa pa webusaiti. Anathokoza, chithunzi chinazima.

Tsopano ndimvetseni. Ine sindidana ndi intaneti. Abwana anga lipoti lomwelo amaliwerenga pafoni ali m'galimoto, podikira kuti nditsegule geti. Mmalawi amene ali ku Joni akhoza kulowa msonkhano ali komweko. Zabwino ndithu. Kampaniyi ndimaikonda, sopo wa ena kunyumba kwanga salowa, akazi anga akudziwa.

Koma eni kampani si okhawo okhala m'mipanda. Alipo aphunzitsi opuma ntchito, amayi a kaunjika, madalaivala, alonda ngati ine. Angati mwa amenewa amadzuka m'mawa n'kunena kuti ndikaone kaye webusaiti? Bandulo yake agule ndani? Ndipo akaitsegula, apezamo mawu amodzi a Chichewa?

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Mukafuna kutigulitsa sopo mumatipeza. Mumabwera ndi chigalimoto cha nyimbo mpaka pa depoti, atsikana akuvina pamwamba, Chichewa chake chomveka bwinobwino. Mukafuna kuti tigule masheya, wailesi siipuma. Koma ikafika nthawi yoti tikufunseni, mwasanduka anthu osaoneka. Akuti pitani pa webusaiti.

Chovuta n'chiyani kutumiza uthenga wa pafoni, m'chilankhulo chathu, kunena kuti chaka chino musavutike kubwera? Chovuta n'chiyani kubwereka kachipinda kamodzi, kuikamo TV ndi maiki, kuti ife opanda makompyuta tikhale pamodzi n'kulankhula? Tiyi musatipatse, tidzamwa kwathu.

Webusaiti imalankhula, koma siimva. Munthu ali kumeneko sachita manyazi, chifukwa palibe akumuyang'ana m'maso. M'holo muja, bwana akazemba funso, anthu amang'ung'udza, iye amabwereranso n'kuyankha. Pafoni ung'ung'udza ndi ndani?

Chithunzi chitazima, Che Yusufu anatulutsa sopo uja m'thumba, nangomugwira m'manja. Ndinalephera kupirira.

"Achimwene, imirirani. Funsani ine. Lero tcheyamani ndine."

"Tcheyamani wa nsapato zong'ambika?"

"Funsani, nthawi ikutha."

Anaimiriradi. Anakweza mitanda iwiri ija m'mwamba. Mayi aja anasiya zimene ankalemba.

"A tcheyamani, ine ndine Yusufu, telala wa ku Area 1. Sopo uyu ndi uyu dzina ndi limodzi. Uyu ankachapa zovala za banja lonse, uyu akuthera pa malaya a ana. Anthu akamadandaula pakhonde panga, ine ndimawauza kuti kampaniyi ndi yanga. Ndiye ndikupita kumudzi. Ndikawauze chiyani kumeneko?"

Mayi aja anawomba m'manja okha. Ine tcheyamani ndinadzuka pabenchi. Ndinangowagwira mkono Che Yusufu, kuti asapunthwe pamasitepe.

Inu akuluakulu a kampani, mukudzidziwa. Che Yusufu akadali pakhonde paja mpaka mwezi uthe, akumanga katundu. Kuchokera ku ofesi yanu n'pafupi, ngakhale mzere wa magalimoto pa mlatho utakula bwanji. Mutuma munthu akawayankhe pamaso, kapena yankho la munthu wosaona mukalilemba pa webusaiti?